Makoma Okana Kugwa

A Fabiano ankagogoda khoma ndi ndodo yawo, kenaka n'kutchera khutu ngati munthu wosankha mbiya pamsika wa Manjawira.

"Tamverani, alamu. Likulira ngati belu la kutchalitchi."

Lufina anali atakhala pamphasa pakhonde la kanyumba kake kakale kadothi, miyendo ili tambalale, mutu atakulunga nsalu yakuda. Mwamuna wake Edson anali atamuika dzana. Anthu a pamaliro anali atayamba kubalalika, pabwalo patangotsala mafuwa akuda ndi zitsononkho. Nyumba imene mlamu wakeyo ankagogoda inali tsidya la bwalolo, yotuwa, yamakona osongoka, malata ake akuthobwa m'maso. M'mudzi monse munalibe ina yotero.

A Fabiano, mng'ono wake wa malemuyo, anadza nakhala pachitsa chapafupi, ndodo ili pakati pa miyendo.

"Mawa tikameta, adzukulu okumba manda aja agwetsa kanyumba mwakhalapoka. Mwambo mukuudziwa. Mmene mwafera munthu simugonanso wamoyo."

"Ndikuudziwa. Makasu ndi chimanga ndatulutsa kale. Ndibwerera umo, m'nyumba yatsopanoyo."

A Fabiano anayang'ana nsonga ya ndodo yawo kwa kanthawi.

"Eya, ndi zomwe ndadzera. Umo mulowa Paison."

Paison anali mwana wawo woyamba, amene ankayembekeza kutenga mkazi mvula ikangokhazikika.

"Nanga ine?" anafunsa Lufina.

"Inu tikusudzulani mwaulemu. Kwanu ku Bwanje kuli anthu. Ngolo ndipereka ndine, musayende pansi ngati wopirikitsidwa."

"Ku Bwanje ndinachokako mano ali onse m'kamwa, alamu. Amene ankandidziwa ali kumanda."

"Mukadabereka mwamuna, bwenzi tikukamba zina. Mwana wanu Emma ndi wa eni ake tsopano, ng'ombe zake tinadya." Anatsokomola pang'ono, mawu n'kuuma. "Ndipo musamayese kuti simenti iyi inachokera m'thumba la ku Halale. Izi ndi ng'ombe za bambo athu. Ndinaziweta ndine. Chaka cha njala ana anga ankadya mizu, ine osapha ngakhale imodzi, ndikuti mwini wake wamkulu adzabwera. Wabweradi, wazitulutsa m'khola imodziimodzi, wazisandutsa miyala. Ndiye mwati mwala umenewu ngwa yani?"

Lufina anakanda mphasa ndi chikhadabo. Zimene ankanena mlamu wakezo sizinali zabodza, ndipo n'chifukwa chake zinkawawa.

A Fabiano anaimirira, nasansa fumbi kumatako.

"Chimodzi chokha achimwene anachita mwanzeru. Anafera m'kanyumba aka, osati umo. Nyumba ija njoyera, mwana alowa popanda mantha."

Mawu amenewa ndi amene anamulasa Lufina, kuposa za ngolo, kuposa za mwana wamwamuna.

Ntcheu wa zaka zimenezo ankabala anyamata ngati munda wobwereketsa: wolima wina, wokolola wina. Mnyamata akangomera ndevu msonkho unkamupeza, njira ya ku Halale kapena ya ku Joni n'kumumeza. Ena ankabwerako ndi njinga, ena ndi galamafoni, ena ndi chifuwa. Ambiri sankabwerako n'komwe, ndipo amenewo ankatchedwa matchona. Edson anapita ku Halale Emma ali kumsana, anabwera Emma ali ndi wake kumsana. Zaka zonsezo ankagwira ntchito pakampani youmba njerwa za simenti, zomangira timanyumba ta m'malokesheni mmene anthu akuda ankagona mothithikana ngati mbewa pampani.

Tsiku limene anafika, mudzi wonse unazungulira bokosi lake lolemera, lochita kunyamula amuna awiri. Akazi ankati muli makina osokera. Litatsegulidwa munatuluka chikombole chachitsulo choumbira njerwa, chakuda ndi mafuta. Zelesi, mlongo wake wa Edson, mkazi wa pakamwa posatseka, anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Zaka zonsezi, achimwene, mwakatenga chikombole? Ife timayesa mubwera ndi Halale yense."

Edson sanaseke. Anapukuta chikombolecho ndi nsanza, nachiika pamthunzi.

Njerwa zakezo ankazitcha mabuloko, ndipo buloko lililonse linali ndi mphako ziwiri pakati. Pa nkhani ya mabulokowa munthuyu anali wovuta kuposa mzungu wa msonkho. Mchenga wa padambo lapafupi anaukana. Ankafuna wa mumtsinje, kumunsi kwa phiri, wokhakhala, ndipo dengu lililonse ankatapako n'kufikisa m'manja. Chikhatho chikafiira, ndiye kuti muli dothi. Muyeso wake unali beseni limodzi la simenti pa mabeseni asanu ndi limodzi a mchenga, osapyola ngakhale dzanja. Madzi ankathira pang'onopang'ono, n'kufumbata zosakanizazo. Zikagwirana popanda kudontha, ndiye zapsa. Zikalira misozi pakati pa zala, ankati zaonongeka. Potsendera m'chikombole anadula musi wa Lufina. Mabuloko akatuluka ankawandandalika pamthunzi, n'kuwafunditsa ziguduli zonyowa ndi masamba a nthochi, ndipo ankamwa madzi m'mawa ndi madzulo mpaka mwezi ubwerere pamene unali. Pamapeto pake buloko lililonse ankalinyamula kufika paphewa n'kuligwetsa pathanthwe. Lobenthuka linkapita kukamangira chimbudzi.

Wosenza mchengawo ndi madziwo anali Lufina. Khosi lake linafupika ndi phiri lija. Anali atadikira zaka zoposa makumi awiri kuti adzamvenso mawu a mwamuna wake, ndipo mawu amene ankamva kawirikawiri anali akuti, "Mchengawu ngwadothi, katayeni."

Ng'ombe yachitatu itatuluka m'khola kupita kwa ogula, a Fabiano anadza kudzadandaula.

"Achimwene, bwanji osaonjezera mchenga? Simenti ifike patali, khola lipume."

Tsiku limenelo ndi limene Edson analankhula motalika, mwina koyamba chibwerere.

"Ku Halale kunali miyeso iwiri. Za kumayadi kwa azungu tinkaumba monga ndikuumbiramu. Za kulokesheni kapitawo ankati tionjezere mchenga. Ndinkaumba ndikudziwa kuti mwana akatsamira khoma, lizimuyoyokera m'tsitsi. Ndamangira anthu anga nyumba zabodza zambirimbiri, Fabiano. Iyi yokha ayi."

Anamanga monga ananenera. Mabuloko onenepa anapita kumakoma akunja, opyapyala kukhoma logawa chipinda. Mizere yapansi anaidzaza mphako zake ndi simenti yosakaniza ndi timiyala. M'makona anaimikamo zitsulo zimene anakagula kusiteshoni ya sitima ku Bilila, zobwera pangolo limodzi ndi simenti. Itatha nyumbayo, anagonamo nyengo imodzi yokha yachisanu. Fumbi la simenti la ku Halale linali litamanga kale nyumba yakeyake m'chifuwa mwake.

Tsiku la imfa yake Lufina anamusiya pakama, kuchipinda, atamumwetsa phala. Anatsikira kumtsinje. Pobwera, dzuwa lili pamutu, anapeza chitseko cha nyumba yatsopano chili pululu, ndipo m'fumbi la pabwalo munali mkukuluzi, ngati padutsa thumba lokokedwa. Mkukuluziwo unathera m'kanyumba kakale, mmene tsopano ankasungiramo makasu ndi chimanga. Edson anali atagona pakati pa matumba, mawondo atanyuka, akupuma ngati mvukuto wobooka.

"Bambo a Emma, mwatani?"

"Umo ayi," anatero. "Angagwetse."

"Agwetse chiyani?"

"Nyumba ya agogo ndinaiona ikugwa, ndili mwana. Agwetse kano." Anapuma, maso ali kudenga laudzu. "Ija ikhale yanu."

Mtsuko unali udakali pamutu pa Lufina. Pamene ankautula, munthu anali atapita.

Mtchona amakumbuka kwawo ngati nyimbo yakale: mutu wake amaudziwa, pothera anaiwala. Edson anakumbuka kuti nyumba ya wakufa imagwa. Anaiwala kuti chimene sichinagwe chimagawidwa. Anakwawa ndi mpweya wake wotsiriza kuti asungire mkazi wake nyumba, ndipo pokwawapo anaiyeretsera Paison.

Lufina anaziganiza zimenezi tsiku lonse a Fabiano atachoka. Sanadye.

M'mawa mwake anasonkhana pansi pa mkuyu, pafupi ndi khola lotsala ndi ng'ombe zowerengeka. Mpingo unkaletsa zambiri masiku amenewo, koma lumo la pamaliro unkalilekerera, ndipo za kugwetsa nyumba akulu a mpingo ankangoyang'ana kumbali. Tsitsi linagwa, mphepo n'kumaliunjika m'mizu ya mtengo. Atatha kumeta, a Fabiano anayamba kulongosola za katundu: jekete kwa uje, nsapato kwa uje, chikombole chikhale cha banja. Atafika pa nyumba, Lufina anagwada, naomba m'manja mofatsa.

"Ndili ndi mawu, eni mbumba."

"Nenani, amake Emma."

"Bambo a Emma sanafere m'kanyumba umo. Anafera m'nyumba yamabuloko, pakama, kuchipinda. M'kanyumbamo ndinachita kuwakokera ndine."

Woyamba kulankhula anali Zelesi.

"Bodza. Ine ndinafika woyamba. Ndinawapeza m'kanyumba, thupi likadali lofunda."

"Lofunda, inde," anatero Lufina. "Nanga pakati pa nyumba ziwirizi pali ulendo wa masiku angati, alamu?"

"Ndiye unawakokeranji?"

Zelesi anali atasiya kale ulemu wa "inu". Lufina anaona, koma sanasinthe nkhope.

"Ndinkafuna nyumba. Ndinkati ndikabisa imfa, nyumba siigwa, ikhala yanga. Koma dzulo ndamva kuti mulowa Paison ndi mwana wa eni ake, mtsikana wosalakwa. Mawa akadzayamba kutupa miyendo, kapena mimba ikadzapita padera, mudzati chiyani? Mudzati Lufina ankadziwa. Ndiye ndanena."

Pamene ankalankhula, m'maso mwake munali mkukuluzi uja wa m'fumbi. Chinthu chimodzi chokha chimene mwamunayo anamuchitira ndi thupi lake lonse, iye ankachifafaniza ndi lilime pamaso pa anthu. Kuyambira lero palibe adzanene kuti Edson anakwawira mkazi wake. Adzati anakokedwa ngati mbuzi yofa yokha.

A Fabiano sanali munthu wopusa. Anatembenukira kwa Fanizo, mkulu wa adzukulu amene anasambitsa mtembo ndi kukumba manda.

"A Fanizo, thupi munaliona ndinu. Wokokedwa amanyuka zidendene. Wokwawa yekha ndiye amanyuka mawondo. Munaona chiyani?"

Fanizo anali wa mudzi woyandikana, wamaso ofiira ndi fodya, ndipo monga mdzukulu anali ndi ufulu wonena chilichonse pamaliro popanda womugwira pakamwa. Anayang'ana Lufina, mutu wometa uli pansi, kenaka anakanda chibwano.

"Ife timasambitsa ndi madzi, bambo, osati ndi mafunso. Mawondo ndinawaona, onyukadi. Koma munthu wopemphera ngati uja, mawondo ake angakhale osalala?"

Ena anabisa kuseka m'zikhatho, poti Edson kutchalitchi ankangopita pa Khirisimasi, n'kukakhala kumbuyo akuyang'ana ming'alu ya m'khoma.

"Sindikuseka nanu," anatero a Fabiano. "Anafera kuti?"

"Sanandiuze. Ndinamufunsa kawiri, anangoti duu."

Apo Paison anayankhula maso ali pansi.

"Bambo, ine umo sindilowa."

"Khala chete, iwe. Sukuona kuti akunama?"

"Kaya akunama, kaya sakunama. Mawuwa atuluka. Dzuwa lisanalowe afika kuchikazi. Ndani angapereke mwana wake kuti akagone pamene anthu akuti panafera munthu? Ndimanga yanga yadothi."

Ndi mmene mawu amachitira. Safuna umboni, amangofuna makutu. A Fabiano anayang'ana mwana wawo, nayang'ana akuluakulu, ndipo anaona kuti nyumba yawapulumuka m'manja ngati mlamba.

"Chabwino, alamu. Mwasankha mwambo, mwambo muupeza. Umo anafera, umu anagona. A Fanizo, zigwe zonse ziwiri."

Lufina anaomba m'manja kachiwiri, nabwerera pamphasa pake. Chimene anadalira chinali chimodzi: ankadziwa zimene zinali m'makomawo, poti zinadutsa pamutu pake dengu ndi dengu. Koma kudziwa mchenga si kudziwa mphamvu ya amuna okwiya.

Adzukulu anayamba ndi kanyumba kakale. Sikanavute. Anazula nsanamira za pakhonde, nakankha ndi mapewa, ndipo kanagwada pansi ngati nkhalamba yotopa, fumbi lofiira n'kukwera. Lufina sanayembekeze kuti zimupweteka chotero. M'kanyumba kameneka ndimo anakulitsira Emma yekha. Ankakazira chaka ndi chaka ndi dothi lakuda la kudambo, zala zake zinali m'khoma lililonse. Pakhonde pake ndi pamene ankakhala madzulo kuyang'ana njira yochokera ku boma, masiku amene anthu ankayendabe m'magulu pobwera kumunda, akuimba, mudzi usanasanduke wa akazi ndi nkhalamba. Zonsezo zinatha nthawi yosakwana kuphika ndiwo.

Kenaka anatembenukira ku nyumba yamabuloko.

Woyamba anatema ndi nkhwangwa. Moto unathetheka, nkhwangwa n'kubwerera, mano ake atapindika. Wina anayesa khasu, mpini unathyoka. Pakhoma panangotsala timizere toyera, ngati pakanda mphaka.

"Malemu akukana," anatero Fanizo. "Akuti msonkho wa nyumbayi analipira kale."

Anakatenga chipika cha bulugamu, amuna asanu ndi mmodzi n'kuchinyamula, nathamanga nacho. Chinagunda khoma, nyumba yonse n'kulira, malata n'kuyankha. Anabwereza. Anabwerezanso. Kachinayi wakutsogolo anakhala pansi atagwira phewa, akutukwana Halale ndi onse okhala kumeneko. Ana ndi akazi anali atadzaza m'mphepete mwa bwalo, ndipo kuseka kunayamba kumveka poyera. Pamaliro a munthu wamkulu, anthu akuseka.

Dzuwa litapendeka anabweretsa mgwala, chitsulo chokumbira miyala, nalimbana ndi kona imodzi. Anabenthulako zibenthu zingapo, mpaka kunaonekera chitsulo cha ku Bilila chili chiimire m'kati, chozingidwa ndi simenti yolimba ngati mwala wa mumtsinje. Adzukulu anayang'anana, napukuta thukuta.

"Bambo," anatero Fanizo, "manda takumba, munthu taika. Koma kugwetsa phiri sitinapangane."

A Fabiano anavula jekete, nalanda mgwalawo. Anali munthu wa zaka zake, koma anamenya khomalo ngati mnyamata. Anamenya, namenya, zikhatho mpaka kuchucha magazi. Anthu anasiya kuseka, poti anamva kuti akulankhula, ndipo sankalankhula ndi amoyo.

"Amayi ndinaika ndekha. Bambo ndinaika ndekha. Kalata ngakhale imodzi, iwe. Ndinkati ukadzabwera tidzakhala pansi, udzandifunsa kuti Fabiano, unatha bwanji. Wabwera, wangondiuza za mchenga!"

Mgwala unagwa pansi. Anatsamira khomalo ndi chipumi, mapewa akugwedezeka. Lufina anayang'ana kumbali. Akadakhala wina, akanapita kukawagwira dzanja, poti mawu amenewo analinso ake. Koma pakati pa iye ndi mlamu wakeyo panali khoma lomwelo, ndipo linali lomangidwa bwino.

Atadzuka, a Fabiano anali atauma m'maso.

"Imfa imalowa m'khoma, siilowa m'chitsulo. Malata tsitsani. Mitengo ya denga, chitseko, mawindo, zonse zipite kwathu. Tikaziwaza mankhwala."

Pamenepo ntchito inayenda. Anaimika makwerero, misomali n'kumalira pozuka. Malata ankatsika limodzilimodzi, ndipo anyamata ankawasenza pamutu kulowera kwa a Fabiano, akung'anima ngati nsomba. Kama anautulutsa n'kuuwotcha. Dzuwa linalowa m'chipinda cha Edson koyamba chimangire.

"Makomawo ndi anu, alamu," anatero a Fabiano povala jekete. "Inu ndi amuna anu. Wofuna kugona ndi maliro sitimuletsa. Za ngolo zija iwalani, ndipo mwana wa pabanja pano asadzaponde pakhomo panu."

Zelesi anatsalira pang'ono. Anaima patali ndithu, ngati poima munthu pamphepete pa dzenje.

"Mkazi wopeza mwamuna wake atafa, osalira, n'kuyamba wamukoka miyendo. Dzina la mkazi wotero anthu amalidziwa, Lufina. Usadzabwere kudzapala moto kwanga."

"Machesi ndili nawo, alamu."

Onse atapita, Lufina analowa. Panalibe chitseko choti atsegule. Anaima pakati pa nyumbayo, mutu wometa ukumva mphepo, nayang'ana kumwamba. Anali atapambana. Anali ndi makoma anayi oti sadzagwa iye ali moyo, ngakhale Emma ali moyo, ndipo denga lake linali mitambo. Kumapiri a kumadzulo kunali kutada, chizimalupsa chikusonkhana.

Anaona kuti mzere wapamwamba wa mabuloko watsala poyera, mphako zake zili yasa. Mvula ikagwa zidzamwa madzi, makoma n'kumazizira mpaka chaka chamawa. Adzukulu anali atasiya makwerero awo atatsamira kunja. Lufina anatapa dothi pa mulu wa kanyumba kogwa kaja, nalikanda ndi madzi m'beseni, nakwera nalo pang'onopang'ono, mawondo akuwawa.

Pamwamba, zitsulo zimene zinkagwira mitengo ya malata zinali zili njo, zopanda ntchito. Anatapa dothi kuti atseke mphako yoyamba, koma dzanja lake linakhudza chinthu chofewa. Anachikoka. Chinali chiguduli chonona ndi mafuta, chokulunga waya wonenepa wopindidwa bwinobwino, tsinde lake lomizidwa m'simenti pansi pa mphakoyo. Anauwongola, unatuluka nthambi ziwiri, zotalika kokwanira kuzungulira mtengo. Anapisa mphako yotsatira, munalibe. Yachitatu, munali wina. Anasuntha makwerero, napezanso wina, ndi wina, kuzungulira khoma lonse, motalikirana ndendende ngati mmene amatalikirana mapaso a denga laudzu.

Lufina anakhala pamakwereropo nthawi yaitali, beseni lili pakhoma.

Ndiye kuti Edson ankadziwa. Tsiku limene ankakhoma malata, mudzi wonse ukuonerera ndi kuyamikira, iye anali atawaona kale akutsika. Abale ake ankawadziwa mpaka m'mafupa. Akanatha kuwaitana akadali moyo, kupha mbuzi, kukhazika Fabiano pampando n'kumuthokoza chifukwa cha ng'ombe, n'kunena pamaso pa akuluakulu kuti mkazi wangayu musadzamusunthe. Zikanangotenga madzulo amodzi. Iye anasankha kukwera pamwamba yekha, kudula mawaya, kuwapaka mafuta kuti dzimbiri lisawadye, n'kuwabisa kuti adikire tsiku limene mkazi wake adzakhala wopanda denga ndi wopanda mnansi.

"Mukanangonena, bambo inu," anatero motsitsa.

Dontho loyamba linagwa pachipumi pake. Anapukuta ndi kuseri kwa dzanja, nawongola waya uja mpaka unaima chilili, nthambi zake zitayasamira kumwamba. Kenaka anatsika, nasuntha makwerero, nakwera kukawongola wotsatira.